Kamagazini kathu: tigwirizane pepala lisanagulidwe

Lachiwiri usiku

Tisa, 19:04
Mwaswera bwanji nonse. Papita sabata ziwiri chikhalire pansi pa Goma Lakes, pa yunivesite yathu ya Zambia (UNZA), kukambirana za kamagazini aka, koma mpaka lero chogwirika palibe. M'manja ndili ndi ndakatulo zisanu ndi imodzi, nkhani ziwiri, ndi zojambula za Dalitso zomwe ndangoziona pa foni. Ndalama yomwe yalowa pa nambala yanga ndi K420, tasonkha anthu asanu ndi awiri, aliyense K60. Lero tisagone tisanadziwe kuti masamba akhala angati, makope angati, dzina ndi liti.

Mabvuto, 19:06
Niliko. Koma malaiti yapita kuno ku Mtendere, foni ili pa 23, nikazimilika musadabwe.

Dalitso, 19:11
Ndiyambe ine ndi za masamba, chifukwa anthu mukungotchula manambala a m'mutu. Pepala la A4 ukalipinda pakati limatuluka masamba anayi a A5, awiri kutsogolo awiri kumbuyo. Ndiye kabuku kathu kayenera kukhala ka masamba 8, 12, 16 kapena 20. Za masamba 15 zomwe ananena Yamikani tsiku lija kulibe, pokhapokha tsamba limodzi lisiyidwe loyera.

Yamikani, 19:12
Achimwene, ndinangonena mwa chitsanzo. Mpaka kundiyalutsa pa gulu?

Dalitso, 19:15
Pepani amwene. Masamba 16 ndi mapepala anayi pa kope. Pa shopu ina ya fotokope mu Kalingalinga andiuza K1 mbali imodzi. Mapepala anayi, mbali zisanu ndi zitatu, ndiye K8 kope imodzi. Makope 50 atidyera K400, titsala ndi K20 ya mapini a sitepula. Chikuto cha pepala lokhuthala la mtundu sindinachiwerengere.

Misozi, 19:17
Makope 50 pa kampasi yonse ya Great East Road? Amenewo athera mu hositelo imodzi. Ku Ridgeway anzathu a zaudokotala aziti tinawaiwala.

Dalitso, 19:18
Onjezani ndalama asisi, makope achuluka okha.

Tisa, 19:20
Za ndalama tibwererako. Achimwene a Kondwani ndawalowetsa pa gulu pano, anatsiriza zaka zingapo zapitazo ndipo nawo anatulutsapo kamagazini ali pa sukulu. Takulandirani achimwene.

Kondwani, 19:31
Zikomo alongo. Ndangotsika basi, mundikhululukire ndizilemba pang'onopang'ono. Ndawerenga zomwe mwalemba. Dalitso masamu ake ali bwino, koma ndikuuzeni chomwe chinatigwera ife, mwina mupulumuka nacho.

Tinakonza masamba athu pa laputopu mwa ndondomeko, tsamba 1, 2, 3 mpaka 16, tikudziona ngati akatswiri. Tinakasiya fayilo pa shopu ina m'tauni Lachisanu, n'kupita kokadya. Pobwera tinapeza mulu wa mapepala 400 utapulintidwa kale. Titapinda kope yoyamba, tsamba 2 linali kumbuyo kwenikweni, ndakatulo inayambira pakati pa kabuku n'kukathera pa chikuto, ndiponso mbali zonse za kumbuyo zinali chadodolido, mutu pansi. Mnyamata wa pa makina anati iye wapulinta zomwe tampatsa, ndipo sananame. Mapepala amenewo tinalembera manotsi teremu yonse, ena tinapatsa mayi wogulitsa vitumbuwa pa geti. Tsiku lina ndinagula vitumbuwa zitakulungidwa m'ndakatulo yanga yomwe, mafuta atadontha pa dzina langa.

Mabvuto, 19:33
😂😂 ba Kondwani, ndiye kuti inawerengedwa ndithu

Kondwani, 19:36
Inawerengedwa ndi vitumbuwa. Ndiye mvetserani. Pa kabuku kopinda pakati, masamba oyandikana pa pepala sayenda motsatana. Kwa masamba 16, pepala lakunja limanyamula 16 ndi 1 mbali imodzi, 2 ndi 15 mbali inayo. Lotsatira 14 ndi 3, kenako 4 ndi 13. Mukaphatikiza manambala awiri oyandikana azikupatsani 17 nthawi zonse, akapanda kutero mwaphonya penapake. Ndipo musachoke pa shopu. Apulinte kope imodzi yokha, muipinde pomwepo, muiwerenge mpaka kumapeto, kenako muwauze apitirize.

Dalitso, 19:38
Ndatenga mapepala anayi a manotsi akale, ndikupinda tsopano ndi kulemba manambala ndi bolopeni. Ndikhala ndi kachitsanzo m'manja popita kumeneko.

Yamikani, 19:44
Pomwe Dalitso akupinda, ine ndili ndi nkhani yomwe yandikhala pakhosi. Tisa wanditumizira zolemba zonse kuti ndikonze zolakwika. Ndatsegula ndakatulo ya Misozi, mzere woyamba ndapeza "cikondi", wachiwiri "nchito". Ndakonza zonse kukhala "chikondi" ndi "ntchito". Ndafika pa nkhani ya Mabvuto, ndagwira mutu. "Nifuna", "niza bwela", "manje", "ba landlord". Anzanga, tinati kamagazini ka Chichewa. Ichi ndi chiyani?

Misozi, 19:46
Wakonza chiyani? Bwezera momwe zinalili. Palibe cholakwika pamenepo. Ife kuno ku Zambia timalemba c pomwe inu mumalemba ch, ndipo ch wathu ndi amene inu mumamulemba tch. Kalembedwe kameneka unduna wa zamaphunziro unakavomereza mu 1977, ndi komwe ndinaphunzira ku pulayimale ku Chipata, ndi komwe kali m'mabuku a ana a sukulu. Wabwera kwa eni ake n'kuyamba kusuntha mipando.

Yamikani, 19:48
Ngati ndi choncho bwanji kwanuko simulemba Cipata? Chadiza bwanji?

Misozi, 19:49
Mayina a malo ndi nkhani ina. Inu bwanji Malaŵi mumalemba opanda kachipewa pa w?

Yamikani, 19:50
Chifukwa pa foni kamavuta kukapeza.

Tisa, 19:55
Imani kaye nonse awiri. Ine ndine wa ku Katete, Gawa Undi amakhala kwathu ku Mkaika, ndiye pa Uchewa palibe angandiopseze pano. Koma ndikuuzeni, agogo anga sadziwa kuti pali c ndi ch. Akapita ku maliro kwa abale athu ku Mchinji amawoloka pa Mwami n'kumacheza ngati ali pakhomo pawo. Kusiyana kumeneku kuli pa pepala pokha. Ku Malawi dzina linasinthidwa kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa mu 1968, kuno linatsala Cinyanja, chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zomwe boma linasankha za m'masukulu ndi pa wailesi. Ndiye aliyense wa inu ali ndi boma lake kumbuyo. Tikati titsate lamulo, titsata la ndani?

Mabvuto, 19:58
Ine nilibe boma kumbuyo kwanga. Nili na Mtendere chabe.

Mabvuto, 20:03
Koma ndiyankhule bwinobwino kuti Yamikani andimve, chifukwa Chichewa cha m'buku nanenso ndimachitha. Nkhani yanga ndi ya mnyamata amene amaitanira anthu basi pa Kulima Tower. Munthu ameneyo sanganene kuti "ndikufuna kupita tsopano". Amati "nifuna kuyenda manje". M'kamwa mwake muli Chinsenga, Chibemba, Chizungu, zonse m'mphika umodzi. Mukamuveka Chichewa cha pa wailesi mwamupha, watsala ndi wina wovala tayi. Ine ndinabadwira muno, amayi ndi a ku Petauke, abambo a ku Chadiza. Moyo wanga wonse ndauzidwa kuti Chinyanja changa n'chosokonekera. Kumudzi amandiseka, ku sukulu amandichonga ndi inki yofiira. Nanga pa kamagazini komwe ndasonkhera K60 yanga ndichongedwenso?

Yamikani, 20:10
Ndamva amwene, ndipo pa mawu a woitanira basiyo ndagonja, asiyidwe choncho. Koma nkhawa yanga nayi. Chizungu chikatuluka pa pepala, anthu onse amalemba mofanana, ndiye chimaoneka cha ulemu. Ife tikatulutsa kabuku tsamba ili cikondi, tsamba ilo chikondi, lina "nikukonda", wowerenga aziti ana awa sadziwa kulemba. Anthu amachinyoza kale chilankhulochi kuti n'cha pa msika. Tisawapatse ndodo yotimenyera.

Misozi, 20:13
Amene amachinyoza sadzagula n'komwe.

Kondwani, 20:21
Ndilowererepo. Bambo anga ankasunga nyuzipepala ya Tsopano, yomwe boma linkatulutsa m'Chinyanja, m'katoni pansi pa bedi. Ndinaphunzirira kuwerenga pamenepo. Baibulo la amayi linali la kalembedwe kena. Sindikumbuka tsiku lomwe ndinasokonezeka n'kulephera kumva. Diso limazolowera msanga. Chomwe chimanyansa wowerenga ndi munthu mmodzi kulemba cikondi pamwamba, chikondi pansi, m'ndakatulo imodzi yomweyo. Yamikani, ntchito yako ikhale imeneyo: aliyense asasemphane ndi iye mwini.

Tisa, 20:25
Ndiye tichite chonchi. Wolemba aliyense asunge kalembedwe kake. Pansi pa dzina lake tilembe kwawo: Katete, Lilongwe, Mtendere, Chipata. Wowerenga aona yekha chifukwa chake masamba akusiyana. Mawu otsegulira ndilemba ine, ndime imodzi yokha, yofotokoza zimenezi.

Yamikani, 20:26
Uwalemba ndi c kapena ch?

Tisa, 20:27
Ndiyesetsa kupewa mawu onse okhala ndi chilembo chimenecho 😅

Dalitso, 20:29
Ndiye mawu oti "Chichewa" uwazemba bwanji

Chisomo, 20:34
Pepani akuluakulu, ine ndine wa chaka choyamba, ndakhala ndikungowerenga. Ndinalemba nkhani ya nyumba yomwe tikuchita lendi, koma ndinachita mantha kutumiza. Timagona anayi m'chipinda cha awiri, madzi amabwera usiku wokha, mwininyumba wakweza lendi kawiri chaka chino ndipo amalowa m'zipinda osagogoda. Ndinamutchula dzina ndi msewu womwe. Kodi zingatuluke?

Mabvuto, 20:35
Ituluke! Na nambala ya geti yonse. Anthu awa atidyera mokwana.

Misozi, 20:44
Chisomo mng'ono wanga, nkhaniyo ituluke koma dzina ndi msewu zichoke. Mabvuto, ndikudziwa uti lamulo linachotsedwa. Lomwe linachotsedwa mu Disembala 2022 ndi gawo 69 la Penal Code, loletsa kunyoza Pulezidenti. Munthu wamba akaona kuti wamuipitsira mbiri pa pepala angathe kukusumira ndithu, ndipo zikatero udzafunika kuonetsa umboni wa chilichonse chomwe unalemba. Malisiti a lendi uli nawo? Anzako atatuwo adzaima nawe, kapena adzati sitikudziwa? Ndiponso khoti lisanabwere n'komwe, munthuyo adzangokuikira katundu panja pakati pa teremu. Ife tidzakhala tikuseka pa gulu pano, iwe ukusaka pogona.

Chisomo, 20:47
Malisiti sapereka.

Misozi, 20:48
Waona. Lemba zomwe maso ako anaona: ndowa zinayi zofoleredwa pa mpopi 2 koloko usiku, sutikesi yomwe yasanduka tebulo lowerengera. Aliyense wokhala m'nyumba zoterezi adzaona ngati walemba za mwininyumba wake. Ndipo usaine ndi dzina lina ngati ukufuna.

Tisa, 20:51
Tumiza lero lomwe Chisomo. Masamba awiri apakati, 8 ndi 9, ndi ako. Ndi okhawo amene amayandikana motsatana pa mbali imodzi ya pepala, ndiye Dalitso angathe kujambula ndowazo zitadutsa pakati popanda kuduka.

Misozi, 20:56
Ndikadali pa zamalamulo. Pali Printed Publications Act, yomwe imati nyuzipepala ilembetsedwe ku National Archives, kosungira zolembedwa za dziko, komanso chomwe chasindikizidwa muno kope yake ikasiyidwe kumeneko. Lachinayi ndili ndi ulendo wa ku Ridgeway, komwe kuli ofesi yawo, ndikalowa ndikafunse kuti kathuka akakaika mbali iti. Komanso tisaike chizindikiro cha yunivesite pa chikuto. Ife si Lusaka Star, ilo ndi la dipatimenti ya zautolankhani ndipo lili ndi aphunzitsi oliyang'anira. Kathu ndi ka ife asanu ndi awiri, tilembe choncho kumbuyo.

Tisa, 21:02
Chabwino. Chinanso, kumapeto kwa Ogasiti ndikupita kwathu ku Kulamba, mwambo wa Achewa wa ku Mkaika. Ndimafuna kope yachiwiri idzakhale ndi zithunzi za kumeneko. Mwambowu unayambiranso mu 1984, ndipo amabwera mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndiye ukugwirizana ndi zomwe takangana lerozi.

Yamikani, 21:06
Zithunzi za pa bwalo, pomwe gule akuvina anthu onse akuona, palibe vuto. UNESCO inamuzindikira kale gule wamkulu mu 2005, dziko lonse linamuona. Koma za kudambwe ayi, ndipo pasapezeke wolemba zofotokoza zomwe sizinenedwa pagulu. Ndanenatu.

Tisa, 21:07
Ukuuza mwana wa ku Mkaika zimenezo?

Dalitso, 21:12
Vuto langa ndi lina. Chithunzi cha pa foni chikalowa m'makina a fotokope chimatuluka chikuda bii, makamaka nkhope za anthu ndi chilichonse chojambulidwa pa mthunzi. Ndinayesa ndi chithunzi cha amayi anga, chinatuluka ngati chitsa chopserera, mano okha akuoneka. Komanso eni shopu amadandaula kuti zakudazo zimamaliza tona, ena amakweza mtengo. Ubweretse zithunzizo, ine ndizijambulanso ndi peni yakuda, mizere yokhayokha. Zimatuluka bwino ngakhale pa makina otopa.

Kondwani, 21:20
Mukukamba kale za kope yachiwiri, ndasangalala, koma ife yachiwiri sitinaione. Yoyamba tinagawa ulere, poti tinkati luso silogulitsa. Ndalama inathera pomwepo. Kenako mkonzi wathu anatsiriza sukulu n'kupita ku Kitwe ndi laputopu yake, mafayilo onse ali momwemo. Tinamuimbira miyezi iwiri, kenako tinachita manyazi n'kusiya. Mafayilo muwaike pa Google Drive pomwe anthu atatu angathe kutsegula. Ndipo mugulitse, ngakhale motchipa.

Mabvuto, 21:23
Mamonk na mamoma, anyamata na atsikana a pa UNZA, sagula pepala ba Kondwani. Bwanji tingoika PDF pa WhatsApp, mahala, anthu chikwi awerenge?

Tisa, 21:29
PDF anthu amaitsegula, kuona tsamba loyamba, n'kubwerera ku TikTok. Ine ndikufuna chinthu choti munthu achipeze pa bedi la mnzake, achiwerenge magetsi atazima foni itafa. Chaka cha 2024 madzi atatsika ku Kariba tinkakhala tsiku lathunthu opanda magetsi, ndinawerenga ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala chifukwa chosowa chochita. PDF tidzaitulutsa patapita mwezi, makope atatha.

Misozi, 21:32
K10 kope. Tikagulitsa 45, chifukwa zisanu ndi za ku Archives, ku laibulale ndi zosunga, tipeza K450. Yachiwiri yadzilipira yokha.

Dalitso, 21:33
Ngati onse alipira. Pali aja a "ndikupatsa ndalama ya chakudya ikalowa".

Misozi, 21:34
Ngongole ayi. Airtel Money kapena MoMo pomwepo, uthenga ulowe, kenako kabuku.

Kondwani, 21:38
Ine ndiika K200 ya chikuto, mugule pepala lokhuthala lachikasu kapena lobiriwira, lakuda zilembo sizioneka. Musandilembe dzina, mungondisungira kope imodzi yosakulungira vitumbuwa.

Tisa, 21:39
Zikomo kwambiri achimwene, Mulungu akudalitseni. Latsala dzina.

Mabvuto, 21:40
Mphekesera

Misozi, 21:40
Ndangotha kufotokoza za kukhoti, iwe ukuti Mphekesera.

Chisomo, 21:42
Nanga Pakhonde?

Yamikani, 21:45
Labwino koma lofatsa kwambiri, ngati pulogalamu ya amayi a mvano. Ine ndikuti Kambuzi. Kakang'ono koma ukakaluma umatuluka misozi.

Mabvuto, 21:46
Kambuzi kaluma bwanji? Mbuzi iluma?

Yamikani, 21:47
Tsabola amwene! Kambuzi ndi tsabola wamng'ono wachikasu uja, wonunkhira, kwathu sitidya kanyenya popanda iye.

Mabvuto, 21:48
Kuno aliyense aziona kamwana ka mbuzi.

Dalitso, 21:51
Ndiye ndijambula kamwana ka mbuzi katanyamula tsabola kukamwa. Wa ku Lilongwe aone chake, wa ku Mtendere aone chake. Pa pepala lachikasu zikhala bwino.

Misozi, 21:52
Ndavota. Ndipo mulibe c kapena ch, Tisa apume.

Tisa, 21:55
Kambuzi anayi, Pakhonde mmodzi, Mabvuto sanavote. Zolemba zonse zifike kwa Yamikani Lachisanu 18 koloko, yochedwa idikira ya Kulamba. Yamikani, ubwezere ma c a Misozi usanagone.

Yamikani, 21:57
Ndabwezera kale, dzanja likunjenjemera.

Lachitatu m'mawa

Dalitso, 06:48
Kachitsanzo kaja ndakapinda, manambala onse akupereka 17. Koma sitepula yanga siikufika pakati pa pepala, ndi yaifupi. Pakufunika ya mkono wautali ija. Alipo ali nayo?

Mabvuto, 07:15
Malaiti yabwela 04. Navota Kambuzi. Sitepula ya mkono ili ku ofesi ya tchalitchi kwathu, amamangira mapulogalamu a maliro. Nizapempha kwa amayi a kalaliki, koma ibwerere Loweruka lisanafike.

Chisomo, 07:22
Asisi a Tisa, ndatumiza. Dzina ndachotsa, koma galu wake ndamusiyamo.